Kuponi yatha mphamvu, koma mwini wake ndi kasitomala wa mwezi ndi mwezi

Mawu akuti kuponi ambirife tinawadziwira ku fetereza. Kuyambira mu 2005, boma litayamba kugawa makuponi a zipangizo zaulimi zotsika mtengo, aliyense ankadziwa kuti kapepala kaja kali ndi nyengo yake. Misika ya fetereza ikatsekedwa, kankasanduka pepala wamba lokulungira mtedza. Palibe mlimi ankapita nako chaka chotsatira n'kumati, "Inetu ndine wanu wakalekale."

Kuponi ya m'sitolo ndi ina. Ndi kapepala, kakhadi kodindapo, kapena uthenga wa pa foni wonena kuti mukabweranso lisanafike tsiku lakuti tidzakuchotserani K3,000, kapena 10 peresenti, kapena mukameta kasanu, kachisanu ndi chimodzi ndi ulere. Amene analonjeza ali pompo kuseri kwa kauntala, ndipo dzina lanu amalidziwa. Ndiye zimachitika motere. Mayi amene amagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira pamalo amodzimodzi mwezi ndi mwezi afika pa thilu Lolemba, atulutsa kuponi m'chikwama, kashiya ayang'ana n'kupeza kuti inatha mphamvu Lachisanu. Kumbuyo kuli mzere wa anthu asanu, onse makutu ali tcheru.

Ine ndimati sitolo ilandire kuponiyo, koma osati iliyonse, ndipo isasiyire nkhaniyi chisoni kapena manyazi a kashiya. Mwini sitolo asanayang'ane nkhope ya mayiwa, ayambe wadzifunsa kuti ndalama yochotsedwayo ikutuluka m'thumba la ndani.

Pali kuponi imene sitolo inadzipangira yokha. Ndalama yake imachoka pa phindu la mwini sitolo, choncho ali ndi ufulu wonse wowonjezera masiku. Pali ina yochokera ku kampani yopanga katunduyo kapena kwa woodetsa, sitolo n'kungokhala dzanja loperekera. Iyi imayenda chonchi: sitolo ichotsera kasitomala mtengo, isunga kapepalako, kenako ipereka makuponi onse kwa wa kampani kuti abweze ndalama kapena achotse pa oda yotsatira. Kampani imakhala ndi tsiku lake lotsekera mabuku a promoshoniyo, ndipo kuponi yochedwa siibwezedwa. Mwini sitolo akafuna kuilandirabe, adziwe kuti akulipira yekha. Asayerekeze kubweza tsiku m'mbuyo pa lisiti kuti wa kampani alipire, chifukwa pamenepo thandizo lasanduka chinyengo. Chanzeru ndi kufunsa promoshoni isanayambe: tsiku lomaliza kwa kasitomala ndi liti, nanga lomaliza kuti sitolo ikutulireni makuponi ndi liti? Pakakhala mpata pakati pa masiku awiriwa, pemphani kuti ochedwa alowe mmenemo, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwepo.

Mtundu wachitatu ndi umene umandidabwitsa kuti anthu amakanganirana. Ndi pepala loimira ndalama imene inalipidwa kale: vocha ya mphatso imene azakhali anagula K20,000 kuti apatse mwana wa achimwene awo pa ukwati, kapepala kolembedwa pamene kasitomala anabweza ketulo yosagwira ntchito sitolo n'kunena kuti ndalama sitibweza koma mudzatenge china, ngakhalenso kumbuyo kwa lisiti kumene kashiya analemba kuti "chenji chotsala K450" tsiku limene ndalama zing'onozing'ono zinasowa. Izi anthu amazitchanso makuponi, koma ndi ngongole ya sitolo. Ndalama inalowa kale m'kabati. Kukana pepala lotere chifukwa cha tsiku ndi kudya ndalama ya munthu osamupatsa kanthu. Apa za ukale wa kasitomala sizilowapo. Ngakhale mlendo wa ku Liwonde amene anapondamo kamodzi ayenera kulandira zake. Chimene sitolo ingaumirire n'chakuti vocha ya K20,000 igule za K20,000 pa mitengo ya lero, osati ya tsiku limene inalembedwa.

Makuponi a boma ndi a mabungwe othandiza anthu ali ndi eni ake ndi malamulo awo. Wa sitolo alibe mphamvu yowonjezerapo ngakhale tsiku limodzi.

Tatsala ndi mtundu woyamba uja, kuponi imene sitolo inadzipangira yokha, ndipo apa pofunika cholembera. Manambalawa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo a m'buku lake. Tinene golosale ya ku Matawale, mu Zomba muno, imene pa K100 iliyonse yogulitsa imatsala ndi K10 ikachotsa mtengo wa oda. Mayi aja amagula za K60,000 pa mwezi, kutanthauza kuti amasiya phindu la K6,000 pa mwezi, K72,000 pa chaka. Lero atenga za K30,000 ndipo kuponi yawo ndi ya K3,000. Kuilandira ndi kutaya phindu lonse la dengu la lero. Sitolo yagwira ntchito yaulere, lendi, magetsi ndi malipiro a kashiya zili pambali. Zimenezi zimawawa, ndipo wonena kuti "K3,000 n'chiyani" sanaimepo kuseri kwa kauntala. Komabe pakatha masabata awiri mayiwa akhala atabweza ndalamayo pongogula monga mwa masiku onse. Akakhumudwa n'kusamutsa theka lokha la zogula zawo kupita ku golosale ya patsogolo kapena ku msika waukulu, sitolo yataya K36,000 pa chaka pofuna kupulumutsa K3,000.

Tsono sinthani munthu. Mnyamata amene sanaonekenso chilandirire kuponi wabwera nayo patatha mwezi ndi theka, akufuna chinthu cha K3,500 chokha. Phindu pa chinthucho ndi K350. Mukachotsa K3,000, K2,650 yachoka pa mpamba. N'chifukwa chake kuponi yolembedwa bwino imakhala ndi malire, monga "pogula za K25,000 kapena kuposa apo". Mukakhululuka tsiku, malire amenewa asagwere limodzi. Zina zonse zolembedwa pa kuponi zikhale momwemo.

Kuno kwathu palinso vuto lakuti mitengo siikhala pansi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anali ndi shelefu akukumbukira mitengo ya oda ikusintha katoni isanathe. Chifukwa cha ichi, makuponi sakalamba mofanana. Yochotsera ndalama yodziwika, monga K3,000, imapepuka masiku akamapita, pakuti K3,000 ya Janyuwale imagula zochepa mu Epulo. Imeneyi kuilandira mochedwa sikuopsa. Ya peresenti vuto lake ndi kusowa denga, kutanthauza malire a ndalama yochotsedwa. Munthu akhoza kuisunga mpaka tsiku la chinkhoswe n'kudzaza galimoto ndi katundu wa K400,000, ndiye 10 peresenti yasanduka K40,000, phindu lonse la golosale ija pa katunduyo. Ngati denga silinalembedwe, pokhululuka tsiku ndi pamene mungaliike, n'kunena poyera kuti tichotsa mpaka K5,000 basi.

Yoopsa kwenikweni ndi yolemba mtengo wa chinthu. Thumba la mpunga la makilogalamu 5 munaoda pa K16,000, mumagulitsa K18,000, kuponi inati K17,000. Munkatsalabe ndi K1,000. Patha masabata asanu, oda yatsopano yabwera pa K19,500, pa shelefu mwalemba K22,000. Mukalandira kuponi monga inalembedwera, mwagulitsa thumbalo K2,500 pansi pa mtengo wa oda. Musadzinamize kuti thumba limene latengedwalo ndi la oda yakale, chifukwa lolowa m'malo mwake mukaligula pa mtengo watsopano. Njira yake ndi kusandutsa kuponiyo ndalama. Inalonjeza kuchotsa K1,000 pa mtengo wa nthawi imeneyo, ndiye chotsani K1,000 pa mtengo wa lero, kasitomala alipire K21,000. Ambiri amamvetsa mukawaonetsa masamuwo pa kapepala, pakuti nawonso amagula ndipo akudziwa mmene zinthu zilili. Ya "gulani ziwiri, chachitatu ndi ulere" ichitidwenso chimodzimodzi: werengani mtengo wa chachitatucho pa tsiku limene kuponi inaperekedwa.

Nthawi zambiri wolakwa si kasitomala, ndi amene anasankha tsiku. Zomba ndi tauni ya anthu a malipiro a pamwezi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, oyang'anira ndende, anamwino, aphunzitsi, a ku MANEB, a ku National Statistical Office ndi a ku yunivesite alipobe, ndipo ndalama zawo zimayenda kumapeto kwa mwezi. Kuponi yoperekedwa pa 2 n'kutha pa 20 imafera m'chikwama munthu akudikira malipiro. Apa mwini sitolo adziyankhe moona: cholinga chinali chiyani? Ngati ankafuna kukoka anthu pakati pa mwezi, pamene sitolo imakhala zii, ndiye tsikulo linali mtima wa promoshoni yonse, ndipo kulandira kuponiyo pa 28, anthu ali kale mbwee, ndi kuchotsera mtengo munthu amene akanagula ngakhale popanda kuponi. Kukana kotereku n'komveka, bola kuponi inanena kuti ndi ya pakati pa mwezi. Koma ngati cholinga chinali kungoti abwerenso, ndiye tsikulo linaikidwa molakwika ndipo sitolo isenze yokha cholakwacho.

Ophunzira a ku yunivesite amene amakhala ku Chikanda amasowa onse nthawi imodzi sukulu ikatsekera. Saluni kapena malo odyera opereka kakhadi ka masiku 30 sabata yomaliza ya mayeso akungoseweretsa pepala. Kakhadi kotere kaime pa tchuthi, kadzayambirenso sukulu ikatsegulira. Palinso makasitomala a ku Jali, ku Mayaka, ku Kachulu ndi ku Chingale, amene amafika m'tauni kamodzi pa mwezi, ena kudzagula zokagulitsa m'mahokala awo. Palibe angalipire thiransipoti yopita ndi kubwera pofuna kuthamangitsa K3,000, ndipo m'dzinja msewu ndi umene umalamula tsiku la ulendo. Kwa anthu awa kuponi ya masiku osakwana 45 ilibe ntchito.

Ndiye pali masiku amene kasitomala anabwera nthawi yake koma sitolo ndiyo inalephera: katundu anali atatha, makina anazima ndi magetsi, netiweki ya Airtel Money kapena Mpamba inavuta. Pamenepo pasakhale zokambirana. Kashiya alembe pa kuponi tsiku limenelo, chifukwa chake ndi tsiku latsopano, asayine, adinde. Akangonena pakamwa kuti "mudzabwere mawa", mawalo pa thilu padzakhala munthu wina amene sakudziwa kanthu.

Kasitomala wokhulupirika ndi ndani? Mukasiyira maso a kashiya, okhulupirika adzakhala a mpingo wake, anansi ake ndi abwana ovala tayi. Agogo ogula za K1,500 tsiku ndi tsiku, masiku 26 pa mwezi, amagula za K39,000, pamene abwana ogula za K50,000 kamodzi pa miyezi itatu safika ngakhale theka la pamenepo. Koma pa thilu amene amaopedwa ndi abwana. Choncho muyeso ukhale wowerengeka. Wosavuta ndi wakuti munthu anagula katatu kapena kuposa m'miyezi itatu yapitayi. Umboni ndi buku la makasitomala lolembedwa ndi nambala ya foni, malisiti akale, kapena mauthenga a pa foni osonyeza kuti analipira ku nambala ya sitoloyo. Sitolo yopanda buku lililonse isavutike n'kusankha, ingopereka masiku owonjezerawo kwa aliyense. Zomba ndi yaing'ono. Mukalandira ya uyu n'kukana ya uyo pa mzere umodzi, pofika madzulo nkhani ili pa depoti ya minibasi.

Chimene eni masitolo ambiri amaopa, ngakhale sachinena pamaso pa antchito, chimachitikira kuseri kwa kauntala. Kasitomala wagula za K30,000, walipira zonse ndi ndalama za m'manja, wapita osatenga lisiti. Kashiya atulutsa kuponi yakale imene anatola mu bini, alemba kuti anachotsa K3,000, ndalamayo n'kulowa m'thumba mwake. Madzulo kabati ndi buku zigwirizana bwinobwino. Tsiku lothera lija ndi limene linkatseka khomo limeneli, chifukwa mapepala akale ankasanduka zinyalala. Mukalitsegula, ikanipo loko wina.

Kuponi iliyonse ikhale ndi nambala yake, ndipo chitsa chake chitsale m'buku ngati la malisiti, cholembedwa tsiku ndi nambala ya foni ya wolandira. Yochedwa isalandiridwe ndi munthu mmodzi: kashiya aitane manijala kapena mwini sitolo kuti asayine. Kasitomala alembe dzina ndi foni kumbuyo kwake. Kenako idulidwe mizere iwiri ndi cholembera pamaso pake, imangiriridwe ku kope la lisiti. Ndalama yochotsedwayo ioneke pa lisitilo, ndipo kwa masitolo olembetsa msonkho wa VAT, lisiti la makina a MRA lisonyeze ndalama imene yalipidwadi, osati kudinda mtengo wonse n'kubweza K3,000 pamanja. Potseka, makuponi a m'kabati awerengedwe pofananiza ndi zochotsedwa za tsikulo. Sabata iliyonse mwini sitolo aimbire manambala awiri kapena atatu, ngati wongothokoza. Antchito akadziwa kuti foni imaimbidwa, mapepala a mu bini amasiyidwa mu bini momwemo.

Ya pa WhatsApp ili ndi vuto lake. Chithunzi chimodzi chimafika m'magulu khumi pa ola limodzi, choncho nambala ya kuponi imangiriridwe ku nambala ya foni, ndipo ikagwira ntchito ifufutidwe pa mndandanda. Yosindikizidwa pa pepala la makina a thilu imafufutika yokha ndi kutentha, makamaka ikakhala m'chikwama mwezi wa Okutobala. Tsiku likapanda kuwerengeka, yang'anani chitsa m'buku. Ngati chitsa palibe, kukayikako kukomere kasitomala, pakuti pepalalo sanasankhe ndi iye.

Masiku owonjezera akhale angati? Masiku 7 ndi okwanira kwa anthu a m'tauni, chifukwa mumalowa Loweruka limodzi. Kwa ochokera kutali, mpaka ulendo wawo wotsatira, osapitirira masiku 30. Ndipo kamodzi kokha pa promoshoni iliyonse. Kupatsa n'kuika, inde, koma akuluakulu omwewo anatinso chifundo chinapha nkhwali. Sitolo yolandira chilichonse nthawi iliyonse imaphunzitsa anthu kuti tsiku lolembedwa ndi lokongoletsa chabe. Promoshoni yotsatira palibe amafulumira, makuponi a miyezi itatu amadzagwa onse sabata imodzi, ndipo mwini sitolo sangadziwenso kuti ali ndi malonjezo a ndalama zingati kunja. Amene anasindikiza makuponi 200 a K3,000 ali ndi K600,000 yoyendayenda m'zikwama za anthu, ndipo ayenera kudziwa tsiku limene adzatseke buku limenelo.

Kalankhulidwe kake n'kofunika ngati lamulo lomwe. Kashiya asafuule kuti "yatha iyi" mzere wonse ukumva. Anene motsitsa: "Mayi, kuponiyi inathera Lachisanu, koma popeza sipanathe sabata ndipo mumagula kuno, a manijala asayina. Yotsatira mudzayesetse tsiku lake." Munthu amve kuti wathandizidwa ndi lamulo la sitolo, limene lidzathandizenso mnzake mawa. Pokana, atchule chifukwa chenicheni: "Bambo, iyi ndi ya kampani, ife atitsekera kale, sangatibwezere." Mawu akuti "ndi mmene zilili" ndi amene amakwiyitsa. Ndipo kukana kuponi sikuletsa basela. Pa msika wa Zomba wogulitsa tomato sasowa pepala kuti aonjezere awiri pa mulu wa kasitomala wake. Sopo wa K800 woikidwa m'jumbo, kapena kuponi yatsopano yaing'ono ya mwezi wamawa, zimatuma munthu kunyumba wosachita manyazi, ndipo mtengo wake ndi wodziwika. Basela nalonso lilembedwe m'buku.

Tsiku la pa kuponi lisasokonezedwe ndi tsiku la pa katundu. Masitolo ambiri amapanga makuponi pofuna kutulutsa msanga yogati, majalini, ufa wa phala la ana kapena zakumwa zimene zatsala pang'ono kutha nthawi. Kuponi yotere ikachedwa, mwina katunduyonso wadutsa tsiku lake. Ameneyo sagulitsidwa pa mtengo uliwonse, ngakhale kuperekedwa ulere kwa kasitomala wokondedwa. A Malawi Bureau of Standards ndi a khonsolo amalanda katundu wotere, ndipo mwana wotsegula m'mimba safunsa kuti panali kuchotsera. Mwini sitolo akafuna kuthandiza, asamutsire ndalama ya kuponiyo pa katundu wabwino.

Kwa inu ogwira kuponi yochedwa, funsani musanadzaze dengu, osati kashiya atadinda kale zonse. Pemphani kuonana ndi manijala, chifukwa kashiya akalandira popanda chilolezo ndalamayo akhoza kuidulidwa pa malipiro ake. Ngati tsiku linalembedwa pooneka ndipo ladutsa, chimene mukuchita ndi kupempha, ndipo sitolo ikakana siinabe kanthu. Zimasintha ngati pa kuponi panalibe tsiku, ngati malamulo asinthidwa mutalandira kale, ngati munabwera nthawi yake n'kubwezedwa, kapena ngati ndi vocha yolipidwa kale. Pamenepo sungani pepalalo ndi lisiti, jambulani chikwangwani cha promoshoni ngati chikadalipo, lembani tsiku limene munakanizidwa. Madandaulo a malonda osocheretsa amapita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, ndipo bungwe la CAMA (Consumers Association of Malawi) limalankhulira ogula.

Mikangano yambiri imathera kwa wosindikiza makuponi otsatira. Tsiku lilembedwe kutsogolo ndi zilembo zazikulu, mwezi m'mawu osati m'manambala okha, chifukwa 05/06 wina amawerenga 5 Juni, wina 6 Meyi. Lembani "mpaka Loweruka pa 5 Juni, tsikulo likuwerengedwa". Lithere patapita sabata kuchokera pa malipiro, osati malipiro asanafike, ndipo lisagwe Lamulungu ngati sitolo imatseka. Lonjezani ndalama yochotsedwa, osati mtengo wa chinthu. Pansi pake pakhale mzere wopanda kanthu wa tsiku latsopano, siginecha ndi chidindo. Patatsala masiku atatu kuti makuponi athe, tsegulani buku la zitsa lija, muone amene sanabwere, muwatumizire uthenga wa mzere umodzi wotchula tsikulo ndi nthawi imene sitolo imatseka.